Mtengo wa Khofi: Wa Pamsika ndi wa Kuseri kwa Nyumba

M'mwezi wa Disembala chaka cha 2024, mtengo wa khofi wa mtundu wa arabika pamsika waukulu wa ku New York unapitirira pamene unafika mu 1977, ndipo pofika Febuluwale wa 2025 paundi imodzi, imene siikwana ndi theka lomwe la kilogalamu, inali kugulidwa ndi madola oposa 4. Chiyambire malonda a mbewuyi pamsika umenewo, mtengo wotere unali usanaonekepo. Zifukwa zake sizinali zobisika. Dziko la Brazil, limene limakolola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi yense wa padziko lapansi, minda yake inaŵauka ndi chisanu mu Julayi 2021, kenaka chilala ndi kutentha zinaisautsa mu 2023 ndi 2024. Nalo dziko la Vietnam, limene ndi lachiŵiri pa ulimiwu, mvula inalichita njomba mu 2024. Nkhokwe za amalonda zitayamba kuoneka pansi, ogula anayamba kulimbirana kochepa kamene kanatsala.

Mbiri yotere ikafika m'dziko limene likusoŵa ndalama zakunja, kumene fodya wakhala akusenza yekha katundu wa mtundu wonse kwa zaka zambirimbiri, imadzutsa chidwi, mwinanso mudyo. Mlimi wa ku Ntchisi amayang'ana kachigawo kamene kali kuseri kwa khola nkumadzifunsa ngati sikangalandire mitengo makumi aŵiri. Wapantchito wa ku Zomba kapena ku Mzuzu amaona mbande yonyezimira masamba pa nazale, naigula kuti akaiike m'chitini pakhonde. Funso la onseŵa ndi limodzi: kodi khofi wa pakhomo ndi chuma, kapena ndi duŵa chabe lokongoletsa bwalo? Yankho lake silili pamsika wa ku New York pokha. Lili m'nthaka, m'kutalika kwa phiri, m'chiŵerengero cha zaka, ndiponso m'dzanja la amene adzagule zipatsozo.

Amene amanyoza kamtengo ka m'chitini sadziŵa mbiri ya mbewuyi. Kwawo kwa arabika ndi ku nkhalango za m'mapiri a ku Ethiopia. Kuchoka kumeneko anaoloka nyanja kukalimidwa ku Yemen, ndipo kwa nthaŵi yaitali dziko lonse linali kugula khofi kudzera padoko la Mocha. Adatchi atakhazikitsa mbewuyi pachilumba cha Java, anatumiza kamtengo kumunda wa zomera wa ku Amsterdam mu 1706. Mu 1714 mwana wa kamtengo kameneko anaperekedwa monga mphatso kwa mfumu ya ku France, Louis XIV, ndipo anasungidwa m'nyumba ya magalasi ku Paris chifukwa panja sakanapirira chisanu. Patapita zaka zoŵerengeka, msilikali wina wotchedwa Gabriel de Clieu anatenga mbande kuchokera kumeneko kupita nayo ku chilumba cha Martinique, ndipo iye mwini anasimba kuti madzi ataperewera m'chombo anali kugaŵana ndi mbandeyo kagawo kake ka madzi akumwa. Minda yambiri ya ku America inachokera ku timitengo tosungidwa m'nyumba totere. Chimene chinatheketsa zimenezi nchakuti duŵa la arabika limadzibereketsa lokha, silidikira mungu wochokera pamtengo wina. Choncho mtengo umodzi wokha ukhoza kukhala kholo la munda wonse.

Ndi mmenenso zinachitikira kuno. Mu 1878 Jonathan Duncan, amene anali wosamalira dimba pa Mishoni ya Blantyre, anabwera ndi timitengo ta khofi kuchokera kumunda wa zomera wa ku Edinburgh. Kamodzi kokha ndiko kanapulumuka, koma mbewu zake zinafalikira m'mapiri a Shire, ndipo John Buchanan anatsegula nazo minda ku Zomba. Pasanathe zaka makumi aŵiri khofi anali mbewu yaikulu yotumizidwa kunja, mwakuti boma la atsamunda linajambula mtengo wa khofi pachizindikiro chake. Ngakhale Joseph Booth, pokhazikitsa mishoni yake ku Mitsidi mu 1892, anaŵerengera kuti khofi ndiye adzadyetsa ntchitoyo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, khofi wa ku Brazil anasefukira pamsika nagwetsa mtengo, tizilombo ndi chilala zinaloŵa m'minda, nthaka inaguga, ndipo eni minda anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi. Maesiteti a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anadzayesanso m'zaka za m'ma 1980, kufikira dziko lino linakolola matani pafupifupi 7,000 pachaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mtengo utagwanso, ambiri anazula khofi nabzala makademiya, ndipo zokolola za masiku ano sizifika ngakhale theka la chiŵerengero chimenecho.

Chodabwitsa nchakuti amene sanaleke ndi alimi ang'onoang'ono a kumpoto: a ku Misuku m'boma la Chitipa, a ku Phoka m'boma la Rumphi, a m'mapiri a Viphya, a kumtunda kwa Nkhata Bay ndi a kum'mwera chakuvuma kwa Mzimba. Kumeneko khofi anakhazikika dziko lisanalandire ufulu, ndipo munda wa khofi suli kutali ndi nyumba. Nthaŵi zambiri umayambira pamene pathera bwalo, nuyenda limodzi ndi nthochi. Esiteti ili ndi antchito oyembekeza malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo mtengo ukagwa zaka ziŵiri zotsatizana mwini wake amaitana thalakitala. Banja la mitengo mazana aŵiri limangochepetsa feteleza, lidye nthochi ndi nyemba zake, nkudikira. Kufooka kwa mlimi wamng'ono ndiko kwakhalanso mphamvu yake.

Komabe si khomo lililonse limene lingalandire mlendo ameneyu. Arabika amafuna malo okwera, kuyambira mamita 1,000 kunka m'mwamba, kumene masana satentha kwambiri ndipo usiku kumazizira popanda chisanu choŵaula masamba. Amafuna mvula yoposa mamilimita 1,200 pachaka, nthaka yakuya yosasunga madzi, ndi mthunzi wapakatikati. Mapiri a kumpoto, Ntchisi, Dedza, Zomba, Thyolo ndi Mulanje akhoza. Chigwa cha Shire ku Nsanje ndi Chikwawa, kapena gombe la nyanja ku Salima ndi Mangochi, nkutaya mbande: mtengo ukhoza kumera, koma udzakhala wodwaladwala ndipo chipatso chake chidzapsa msanga chisanakhwime m'kati. Chidikha cha Lilongwe chili pamalire. Kutalika kwake kulipo, koma mvula ndi yochepa ndipo chilimwe nchachitali, kotero kuti wobzala kumeneko ayenera kudziŵa kumene adzatunge madzi kuyambira Ogasiti kufikira mvula itagwa. Pano ndiye pamene khofi wa pakhomo amaposa wa kumunda wakutali, pakuti madzi otsukira mbale ndi mbatata, malinga alibe sopo wambiri, amakwanira kusunga mitengo khumi ndi moyo.

Ntchito yake ndi yofuna kudekha kuyambira tsiku loyamba. Mbewu ya khofi siichedwa kufa. Yokhalitsa miyezi yambiri siimera, ndipo yokazinga ya m'sitolo ndi mtembo. Yatsopano imatenga milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu kuti ituluke m'nthaka, kenaka mbande imakhala pa nazale miyezi yambiri isanaokeredwe. Dzenje limakumbidwa lalikulu, masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya kwake, nkudzazidwa ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa oola bwino, ndipo kuoka kumachitika mvula itakhazikika. Pansi pa mtengo payenera kuphimbiridwa ndi udzu kapena masamba a nthochi, koma osagunditsa tsinde. Zipatso zoyamba zimadza m'chaka chachitatu, zokolola zenizeni m'chachinayi kapena chachisanu. Maluŵa oyera onunkhira amatuluka mvula yoyamba ikagwa pambuyo pa chilimwe, ndipo kuchoka pa duŵa kufika pa chipatso chofiira pamapita miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi. Mtengo wosatheneredwa umabereka mopyola muyeso chaka chimodzi, nuuma nsonga chaka chotsatira. Mtengo wa m'chitini umafuna zomwezo mwa muyeso wochepa: chitini chobooka pansi, kuŵala kokwanira koma kopanda dzuŵa la masana, ndi kusamutsidwira m'chotengera chachikulupo mizu ikadzaza. Udzabereka ndithu, koma zipatso zodzaza manja aŵiri basi.

Adani ake nawo ndi odziŵika. Dzimbiri la masamba, lija limapaka ufa wachikasu kunsi kwa tsamba, ndilo linafafaniza khofi pachilumba cha Ceylon kuyambira 1869, mpaka dzikolo linasanduka la tiyi. Palinso matenda odetsa ndi kuyoyola zipatso zikali zaziŵisi, ndi mbozi yoboola tsinde, imene yapha mitengo yosaŵerengeka kumpoto. Chifukwa cha zimenezi alimi ambiri anapatsidwa mtundu wa Catimor, umene ndi waufupi, wobereka msanga ndi wopirira dzimbiri. Mtundu wa Geisha, umene alimi a kuno aulima kwa zaka zambiri, unatchuka padziko lonse mu 2004 pamene khofi wa dzina limeneli wa ku Panama anapambana pampikisano wa kakomedwe. Pali phunziro kwa wobzala pakhomo. Mitengo isanu yosasamalidwa kuseri kwa nyumba imasanduka khola la mbozi, ndipo mbozi siidziŵa malire a munda. Munthu wobzala mwachibwana pakati pa alimi enieni amawaitanira tsoka.

Tsopano zaka zitatu zodikira zija ziikidwe pambali pa mbiri ya msika. Mu Julayi 1975 chisanu chinapsereza minda ya ku Paraná m'dziko la Brazil, mtengo unakwera kufikira 1977, ndipo maiko ambiri anathamangira kubzala. Mitengo yatsopanoyo itayamba kubereka, msika unadzaza. Mu Julayi 1989 pangano la maiko limene linali kuika malire a khofi amene dziko lililonse lingagulitse linatha mphamvu, mtengo unagwa, ndipo mu 2001 paundi inatsika kufika pansi pa masenti 50 a ku America. Alimi ku Africa ndi ku America anasiya zipatso kuolera m'mitengo chifukwa kuthyola kunali kodula kuposa kugulitsa. Mchitidwe wake ndi womwewo nthaŵi zonse: mtengo wokwera umabala minda yatsopano, minda yatsopano imapha mtengo wokwerawo. Wobzala chifukwa cha zimene anamva mu 2025 adzagulitsa pamsika wa 2028 kapena 2029, umene palibe munthu akuudziŵa. Kuwonjeza apo, msikawu umagwedezeka ndi zinthu zimene mlimi sangazilote nkomwe. Mu Ogasiti 2025 dziko la America linaika msonkho wa 50 peresenti pa katundu wambiri wa ku Brazil, khofi ali momwemo, mtengo unalumphanso, ndipo mu Novembala msonkho wa pa khofiwo unachotsedwa. Mlimi wa ku Misuku sanafunsidwe poika kapena pochotsa.

Masamu a pakhomo ndi osavuta, ndipo ndi bwino kuwachita dzenje lisanakumbidwe. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira kuti papezeke kilogalamu imodzi ya khofi wouma wosenda. Mtengo wosamalidwa bwino umapereka pafupifupi theka la kilogalamu ya khofi wotere pachaka. Pokazinga, gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi limathaŵa ndi utsi. Ngati kapu imodzi idya magalamu 10, ndiye kuti mtengo umodzi ndi makapu 40, ndipo mitengo khumi ikhoza kumwetsa munthu mmodzi kapu imodzi tsiku lililonse chaka chonse. Kwa banja lofuna chakumwa chake, chiŵerengerochi nchosangalatsa. Kwa wofuna madola, nkhani ndi ina. Wogula wa ku Hamburg kapena ku Tokyo amagula kontena, ndipo kontena imodzi imanyamula matumba 320 a makilogalamu 60, kutanthauza matani opitirira 19, zokolola za mitengo pafupifupi 40,000. Mutu umodzi susenza denga.

Nchifukwa chake nkhani ya khofi wa alimi ang'onoang'ono ndi nkhani ya mabungwe. M'zaka za m'ma 1970 boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Coffee Authority kuti lizipereka mbande, ulangizi ndi msika. Bungwelo litalemedwa ndi ngongole, ntchito inaperekedwa m'manja mwa alimi eni ake mu 1999, ndipo mu 2007 panabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano wa makopaletivi a m'madera aja, kuphatikizapo Ntchisi. Kufunika kwake kumaonekera tsiku lothyola. Chipatso chiyenera kuthyoledwa chofiira chokhachokha, kusendedwa pamakina tsiku lomwelo, kuvundikidwa usiku umodzi kapena uŵiri kuti utomoni wake usungunuke, kutsukidwa ndi madzi oyera, ndi kuyanikidwa pathandala mpaka chinyezi chitatsika kufika pa 11 kapena 12 peresenti. Kulakwitsa kamodzi kokha, monga kusiya zipatso m'thumba masiku aŵiri, kumaloŵetsa fungo limene wolaŵa wa kunja amalimva pakamwa koyamba, ndipo thumba limodzi loipa limatsitsa mtengo wa mudzi wonse. Munthu wokhala kutali ndi malo osendera, ngakhale nthaka yake ikhale yabwino chotani, alibe msika. Ali ndi vendala amene adzatchule mtengo umene afuna.

Apa ndi pamene anthu olimbikitsa ulimiwu ayenera kunena zoona. Kugaŵa mbande pamsonkhano nkosavuta ndipo kumaoneka bwino pachithunzi. Chovuta ndi kumanga malo osendera pafupi ndi alimi, kusunga mlangizi wodziŵa kuthenera, ndi kulipira mlimi msanga. Khofi wothyoledwa mu Juni sagulitsidwa kunja kufikira miyezi ingapo itapita, pamene mwana akufuna fizi mu Seputembala. Vendala wobwera ndi ndalama m'manja amapambana pa mpata umenewo, osati chifukwa mlimi ndi wopusa, koma chifukwa njala siidikira sitima. Kutsika kwa mphamvu ya kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunayenera kukomera wogulitsa kunja, koma feteleza ndi mankhwala nazo zimagulidwa ndi madola, ndipo zimakwera tsiku lomwelo pamene malipiro a khofi amafika mochedwa. Mlimi wa pakhomo amene ali ndi khola la mbuzi ndi dzenje la manyowa amapulumukako pang'ono pa msampha umenewu.

Pali chinthu china chimene sichilembedwa m'mabuku a zaulimi koma chimadziŵika m'mudzi uliwonse. Mtengo wa khofi umakhala zaka makumi aŵiri kapena atatu, choncho wobzala amayamba wafunsa kuti nthakayo ndi ya yani. Kumene kuli chikamwini, mwamuna amazengereza kukumba dzenje la mtengo wokhalitsa pamudzi pa eni, poopa kuti banja likatha adzachoka ndi bulangete lokha. Kumpoto, kumene mkazi amapita kwa mwamuna, mayi ndiye amapalira, kuthyola ndi kusenza zipatso, koma dzina lolembedwa m'kaundula kaŵirikaŵiri ndi la bambo. Wokhala m'nyumba ya lendi m'tauni naye ali ngati mkamwini. Mwina nchifukwa chake amasankha chitini, chimene angachikweze pagalimoto tsiku losamuka.

Tsono kwabwera lamulo latsopano kuchokera ku Ulaya. Mu 2023 mgwirizano wa maiko a kumeneko unakhazikitsa lamulo loletsa kuloŵetsa khofi, koko ndi mbewu zina zolimidwa pamalo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Tsiku loyamba kuligwiritsa ntchito linasunthidwira m'tsogolo, koma mfundo yake ndi yomveka: wogulitsa ayenera kusonyeza pamapu pamene khofi wake anamera. Kwa munda wosapitirira mahekitala 4 kadontho kamodzi kotengedwa ndi foni nkokwanira. Poyang'ana koyamba, lamuloli likomera khofi wa kuseri kwa nyumba, pakuti pabwalo pamene agogo anamanga kale palibe nkhalango imene yadulidwa, ndipo likhoza kuteteza nkhalango zotsala za ku Misuku ndi ku Ntchisi kwa amene angakopeke kukweza minda m'phiri mtengo ukakwera. Koma kulemba timinda zikwizikwi kumafuna anthu, mafoni ndi ndalama. Esiteti imodzi imalembedwa tsiku limodzi. Alimi a mitengo makumi asanu, omwazikana m'zitunda zopanda msewu, amatenga miyezi. Wogula wofuna zosavuta akhoza kungowalambalala. Amene ali m'kopaletivi adzalembedwa pamodzi ndi anzake, koma wobzala payekha dzina lake silidzaoneka pamapu alionse.

Msika umene suŵerengedwa ndi wa m'dziko momwe muno. Amalaŵi ndi anthu a tiyi, ndipo ambiri amene amamwa khofi amagula wa ufa wosungunuka m'madzi, wochokera kunja, wogulidwa ndi ndalama zomwezo zimene dziko likusoŵa, pamene khofi wa ku Phoka akukwera sitima kupita kwa eni ndalama. Ku Ethiopia zinthu nzosiyana. Gawo lalikulu la khofi wa kumeneko limachokera m'timinda tozungulira nyumba, ndipo pafupifupi theka la zokolola limamwedwa m'dziko momwemo, kotero kuti msika wakunja ukagwa mlimi amakhalabe ndi wogula pamsika wa kwawo. Mayi wa kumeneko amakazinga khofi pamoto alendo akuona, namusinja mu mtondo, namuŵiritsa mu mphika wadothi. Palibe chipangizo pamenepo chimene khomo la ku Dedza lilibe. Wopanda makina osendera akhoza kuyanika zipatso zathunthu pathandala kwa milungu itatu kapena inayi, akuzitembenuza tsiku ndi tsiku ndi kuzivundikira usiku, kenaka nkuzipuntha pang'onopang'ono mu mtondo ndi kupeta makoko. Chiŵaya chokazingira mtedza chimakazinganso khofi, malinga moto ukhale wofatsa ndipo dzanja lisaleke kutakasa. Nyemba zikayamba kuthetheka ngati chimanga ndi kusanduka zofiirira, zimaphulidwa nkuziziritsidwa msanga m'lichero, ndipo zimakoma koposa zikagona masiku aŵiri kapena atatu zisanasinjidwe.